Phulusa linandidyera mgolo: zimene ndaona posungira alendo chowotchera nyama ku Zomba

Bambo a kunyumba atapuma pa ntchito, tinakonza kanyumba kathu ka kuseri, ka zipinda ziwiri, kuti tizilandiriramo alendo a masiku awiri kapena atatu. Timakhala chakumtunda kwa tauni, kufupi ndi kumene msewu umayamba kukwera phiri. Ambiri amene amatipeza pa Airbnb (tsamba la pa intaneti lopezerapo malo ogona) kapena pa WhatsApp ndi anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe odzapuma kumapeto kwa sabata, makolo obwera ku mwambo wa ana awo omaliza maphunziro ku Chanco, ndi azungu ochepa ofuna kukaona Chingwe's Hole, dzenje lakuya la pamwamba pa phiri, ndi damu la Mulunguzi. Ine ndinkayesa kuti mlendo amafunsa za madzi otentha ndi masikito. Amafunsadi, koma funso limene linkabwera kawirikawiri kuposa onse linali lakuti, "Amayi, powotchera nyama palipo?"

Poyamba ndinkawabwereka mbaula yanga ya kukhitchini ndi waya amene ndinachotsa mu fuliji yakufa. Banja lina lochokera ku Mzuzu linawotcherapo nkhuku ziwiri, ndipo zoyera zimene anakutira waya uja zinasungunuka n'kumatirira ku nyama. Mayi wa banjalo sanakalipe. Anangobwera pakhomo panga ndi mbale m'manja, nati, "Anti, taonani izi. Ana tiwapatse?" Nkhuku zonse ziwiri zinathera kudzala. Mawaya a mu fuliji amawakuta ndi pulasitiki kapena zitsulo zina zosayenera pamoto, ndiye ngati pakhomo panu pali wotere, musamuikenso pa makala.

Sabata yomweyo ndinapita kwa owotcherera zitsulo kuti andipangire chowotchera chenicheni, chimene ambiri amangochitchula kuti braai. Mmisiriyo anati chapafupi ndi kudula mgolo wa malita 200 pakati, motalika, n'kuuikira miyendo. Anandifunsa kuti mgolowo munkakhala chiyani. Sindinali nditaganizako. Migolo yambiri yogulitsa pamsika inasungirapo oyilo, penti kapena mankhwala a m'munda, ndipo wa petulo ungathe kuphulika pamene akuudula ndi makina otulutsa moto. Tinasankha wa mafuta ophikira. Atamaliza anandiuza kuti ndikasonkhemo moto waukulu wa nkhuni kawiri, popanda chakudya, kuti penti yense apse. Anakananso kundiikira waya wonyezimira uja wa mpanda, wokutidwa ndi zinki, chifukwa ukatentha umatulutsa utsi woyera wopweteketsa mutu ndi chifuwa. Pa zinthu ziwirizi ndimamuthokozabe mpaka lero.

Chimene palibe anandiuza ndi nkhani ya phulusa.

Alendo akachoka, ndinkatsuka waya wa pamwamba, koma phulusa ndinkalisiya mumgolo. Ndinkati likuteteza pansi pa mgolo kuti pasapse. Mvula itayamba mu December, mgolo unkakhala panja wosavindikira, ndipo aliyense wokhala kuno amadziwa mmene mvula ya m'munsi mwa phiri la Zomba imagwera. Phulusa limamwa madzi n'kuwasunga masabata ambiri. Madzi a phulusawo ndi chidulo chomwe chija timathira mu therere, ndipo mchere wake pamodzi ndi chinyontho zikakhala pa lata lopsa kale ndi moto, dzimbiri silichedwa. Kunja mgolo unkaoneka wabwinobwino. Pansi pake panali patatsala ngati tsamba louma.

Mu April kunabwera banja la ana atatu. Bambo wake anathiramo makala ambiri, moto unakolera bwino, ine ndili pakhonde langa ndikusankha mpunga. Ndinangomva kuti phofo! Pansi pa mgolo panaboweka, makala amoto onse n'kukhuthukira pa kapinga. Khala limodzi linagubuduzika n'kukaima pafupi penipeni ndi phazi la kamwana ka zaka ziwiri kamene kanalibe nsapato. Mayi wake anakanyamula msanga, ndipo palibe anapsa. Koma usiku umenewo sindinaone tulo. Mgolo unali wanga, ndipo amene sanauyang'ane kunsi ndinali ine.

Chowotchera chachiwiri chimene tili nacho pano ndinachita kukhala pansi ndi mmisiri uja n'kujambula papepala. Pansi pake ndi chitsulo chokhuthala mamilimita atatu, osati lata la mgolo. Makala sakhala pansi penipeni ayi, amakhala pa timizere ta chitsulo, ndipo kunsi kwake kuli thireyi yosolola imene phulusa limagweramo. M'mbali muli mabowo olowera mpweya. Waya wowotcherapo ndi wochotseka, ali ndi zogwirira, ndipo angathe kukhala pa misinkhu itatu: pafupi ndi moto, pakati, ndi patali pa nkhuku imene imafuna kupsa pang'onopang'ono. Miyendo inayi anailumikiza ndi zitsulo zopingasa kuti chisagwedezeke mwana akachitsamira. Chili ndi chivindikiro cholemera chimene mphepo singachiulutse. Thireyi ija ndiyo imayamba kutha, koma kusintha thireyi yokha sikudula ngati kupangitsa china chatsopano.

Malo oikapo anativutanso. Poyamba chinali pakhonde la alendo, ndipo pasanathe miyezi iwiri siling'i ya khondelo inada ndi mwaye, makatani a kuchipinda n'kumanunkha mafuta a mbuzi. Tinachisunthira kumpanda, koma madzulo mphepo imatsika kuchokera m'phiri, ndiye utsi wonse unkathera pa zovala zimene aneba athu ayanika. Iwo anabwera mwaulemu kudzadandaula, ndipo sanalakwitse. Pano tinawaka kabwalo ka njerwa pakati pa bwalo, mamita oposa atatu kuchokera ku nyumba, kutali ndi nthambi za mango, ndi kakhoma kofika m'chiuno kotchinga mphepo. Ngati mpanda wanu ndi wa udzu, talikirani kuposa pamenepo. Mu September ndi October, nthawi imene moto wolusa umaoneka usiku m'nkhalango ya paini m'phirimu, kamoto kamodzi kouluka n'kokwanira kuyatsa mpanda wonse.

Koma nkhani imene inandichititsa kulemba zonsezi ndi ya usiku wina wa mu June.

Kunabwera bambo ndi mayi achinyamata ochokera ku Nchalo. Anthu a ku Chigwa cha Shire anazolowera kutentha, ndipo anafika kuno chiperoni chitagwira, nkhungu ili mbuu, kamvula kakuwaza. Anawotcha nyama yawo madzulo, ine n'kuwatsanzika kukagona. Cha m'ma 11 koloko ndinamva kugogoda pawindo. Anali achimwene amene amatilondera usiku. "Amayi, pepani ndakudzutsani. Makala aja pa braai palibe, ndipo phulusa latayikira mpaka pakhomo la alendo."

Tinathamangira kumeneko ndi bambo a kunyumba. Mawindo onse anali otseka. Tinagogoda nthawi yaitali ndithu mwamuna uja asanatsegule, ndipo atatsegula anali dzandidzandi, atagwira mutu, akuyankhula ngati woledzera chonsecho sanamwe mowa. Mkazi wake anali pabedi, atasanza, akulephera kudzuka. Pakati pa chipinda panali poto wanga wamkulu wodzaza makala ofiira, atamukhazika pa njerwa ziwiri kuti asawononge pansi. Anaganizira za simenti yanga, koma za mpweya sankadziwa. Tinatsegula zitseko ndi mawindo, tinawatulutsira panja, n'kuthamangira nawo kuchipatala. Kumeneko anawaika pa okosijeni mpaka kunja kutacha.

Anamwino anandifotokozera kuti makala akamanyeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Umakakamira m'magazi kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndiye munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, kenako sadzukanso. Ambirife tinakula tikumva kuti makala akasiya kufuka utsi ndiye kuti akhoza kulowa m'nyumba. Si zoona. Makala ofiira opanda utsi aja ndiwo amapha anthu ali m'tulo chaka chilichonse nyengo yozizira. Mlonda uja akanapanda kuyang'ana pansi n'kuona mzere wa phulusa, bwenzi m'mawa tikuimbira foni abale a anthu ku Nchalo.

Kuchokera tsiku limenelo, kuyambira May mpaka August ndimaika mabulangete awiri owonjezera pa bedi lililonse ndi botolo la madzi otentha loika kumapazi. Mlendo akapanda kuzizidwa saganiza zotenga makala. Pakhoma la kabwalo kaja ndinapachikapo chikwangwani cha Chichewa ndi Chingerezi, koma sindidalira chikwangwani, chifukwa munthu wobwera kudzasangalala sawerenga. Ndimanena pakamwa, ndikumuyang'ana m'maso: "Achimwene, makala asalowe m'nyumba, ngakhale kuzizire bwanji. Mukafuna bulangete lina, gogodani nthawi ina iliyonse." Ndipo moto timazimitsa ndife. Alendo akamaliza amauza mlonda, iye amavindikira n'kutseka mabowo a mpweya, ndipo sachokapo mpaka ataona kuti wazilala.

Nkhani ina ndinaphunzitsidwa ndi bambo wina wachisilamu wochokera ku Mangochi. Anaima pafupi ndi chowotcheracho, anayang'ana waya, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Pepani amayi, pawaya pano panapsapo nkhumba?" Sindikanatha kunama. Alendo a sabata yapitayo anali atawotcherapo nthiti za nkhumba. Ndinati ndinatsuka bwinobwino, iye anangomwetulira n'kunena kuti mbuzi yawo akaphikira mu poto. Zinandikhudza, chifukwa kuno ku Zomba timakhala ndi Asilamu khomo ndi khomo, ndipo ndinayenera kuganiza ndekha asanandifunse. A Seventh Day nawonso sadya nkhumba kapena mlamba. Ndinapangitsa waya wachiwiri. Amene amakhala pachowotchera nthawi zonse sakhudza nkhumba. Winayo ali ndi penti wofiira ku zogwirira zokha, amakhala m'stolo pamodzi ndi chopanira chake, ndipo wofuna kuwotcha nkhumba amachita kumupempha. Izi ndinazilembanso pamene ndimalengeza nyumba yathu, ndipo mabanja ena andiuza kuti anasankha kwathu chifukwa cha mzere umodzi umenewo.

Kutsuka ndiye ntchito ya mlendo aliyense akachoka, osati ya pamwezi. Waya amatsukika bwino akadali wofunda. Mlonda akamazimitsa moto amadula anyezi pakati, amabaya ndi foloko, n'kukwecha nawo waya, ndipo zambiri zomatirira zimachoka pomwepo. M'mawa ndimamuviika m'madzi otentha a sopo, ndimakwecha, ndimatsukuluza, n'kumuumitsa padzuwa. Akauma ndimamupaka mafuta ophikira pang'ono ndi kansalu, chifukwa chitsulo chosapaka mafuta chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha nthawi ya dzinja. Bulashi ya waya yotchipa ndinaisiya nditapeza kachingwe kake kamodzi, kocheperako kuposa singano, katakanirira pa waya wowotcherapo. Kakanalowa mu nyama, kakanathera pakhosi pa munthu. Pano ndikamaliza ndimapukuta ndi nsalu yoyera yonyowa n'kuyang'ana chimene chatsalira pansalupo. Wokhala ndi ndalama apangitse waya wa stainless steel. Ndi wodula, koma dzimbiri silimugwira msanga, ndipo wathu wachiwiri uja ndi wotero.

Phulusa sindilitayanso tsiku lomwelo. Khala lingathe kukhala lamoyo kunsi kwa phulusa kuposa tsiku lathunthu. Timalikhuthulira mu ndowa yachitsulo yovindikira, likhale masiku awiri, kenako lipite kudimba. Mu ndowa ya pulasitiki kapena m'katoni ayi. Komanso musalole alendo kuthira ndowa ya madzi pa chitsulo chotentha. Chimapindika, nthunzi yake imawotcha kumaso, ndipo mwabwezeretsanso chidulo chija. Mafuta odontha ku nyama nawonso amaunjikana m'makona. Mukawalekerera amaitana nyerere, makoswe ndi agalu a m'dera lonse, ndipo tsiku lina amayaka okha lawi lalitali. Moto wa mafuta sazimitsa ndi madzi. Pambali pa chowotchera pamakhala ndowa ya mchenga wouma, ndipo chivindikiro chija ndicho chozimitsira choyamba. Mafupa ndi zotsala siziyenera kugona panja, chifukwa kuno kumtunda apusi amafika m'mamawa ndipo akazolowera malo sachokanso.

Za makala ndinalimbana nazo mumtima kwa nthawi. Poyamba ndinkagula kwa anyamata a njinga amene amatsika nawo mbandakucha, osafunsa kumene achokera, ngakhale ndinkadziwa. Lamulo la za nkhalango linasinthidwa mu 2020, ndipo kuwotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu wa chilango chokhwima. Koma chimene chinanditembenuza si lamulo. Ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene tinaona matope ndi miyala zikutsika m'mapiri a kummwera kuno n'kukwirira anthu m'nyumba zawo, makamaka ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche. Ife tikukhala m'munsi mwa phiri. Madzi amene timamwa m'tauni muno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pomwepo, ndipo alendo anga amalipira chifukwa cha phiri lomwelo. Sindikuweruza mayi wa ku Chikanda kapena ku Mpondabwino amene alibe china chophikira magetsi akazima. Koma ine ndikuchita malonda, ndipo nyama yowotcha ya mlendo si nsima ya ana. Pano ndimagula makala a m'mapaketi okhala ndi chilolezo, ochokera ku mitengo yobzala, kapena makala oumba aja opangidwa ndi utuchi ndi zinyalala za m'munda. Oumbawo amachedwa kukolera ndipo amasiya phulusa lambiri, koma amakhalitsa, ndiye pa nkhuku ndi abwino kwambiri. Paketi yoyamba yaing'ono imalowa mu mtengo wa nyumba. Yachiwiri mlendo amagula kwa ine. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndinaganiza zosiya kupereka yaulereyo, koma ndinaona kuti ndikasiya adzapita kumsewu kukagula omwe aja ndikuwapewa.

Ena anandilangiza kugula chowotchera cha gasi. Ndinakana pa zifukwa ziwiri. Alendo athu ambiri amafuna fungo la makala, akuti nyama ya pa gasi siikoma ngati kanyenya. Chachiwiri, paipi ndi zolumikizira za gasi zimafuna munthu woziyang'ana nthawi zonse, ndipo sindingasiyire silinda anthu amene ndawadziwa lero, ena atamwako.

Kuyatsa moto nakonso ndi pamene ngozi imabisala. Ambiri anazolowera kuyatsira majumbo, ndipo fungo lake limalowa mu nyama. Mnyamata wina ndinamupeza akupopa petulo m'galimoto yake ndi kapaipi kuti athire pa makala. Ndinamuletsa, ndipo tsiku lomwelo ndinakonza kabasiketi kokhala ndi nyuzipepala zakale, zitsononkho zouma, tinkhuni ting'onoting'ono ndi machesi. Mmisiri uja anandipangiranso chitini chachitali chopanda pansi, chobowola m'mbali, chokhala ndi chogwirira chamtengo. Mumaika mapepala kunsi, makala pamwamba, mumayatsa, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 makala amakhala atayera pamwamba, okonzeka kukhuthula. Palibenso amafunsa palafini.

Zida ndimasiya zochepa: chopanira nyama chachitali, chopanira makala, mpeni umodzi, mathabwa awiri odulirapo, lina la nyama yaiwisi lina la yakupsa, ndi nyale ya sola chifukwa magetsi akazima anthu amawotcha mumdima n'kudya zosapsa. Zopanira zitatu zinasowa chaka choyamba. Sindikhulupirira kuti anaba, zimangolowa m'katundu polongedza. Tsopano timawerengera limodzi pofika ndi pochoka, ndipo sizisowanso. Ndalama ya chikole sindilipiritsa pa chowotchera. Ndinayesapo, koma inkabweretsa mkangano pa kanthu kochepa, ndipo kubweza pa Airtel Money kapena Mpamba kunkangowonjezera ntchito. Amene wasiya malo osaoneka bwino ndimamuuza mwaulemu, ndipo ambiri amapepesa n'kusiya kangachepe ka wotsuka.

Mlendo akafika, tisanalowe n'komwe m'nyumba, ndimayamba ndamutengera pakabwalo kaja. Sizitenga mphindi zisanu. Ndimamuonetsa mchenga, chivindikiro, chitini choyatsira, ndi mzere wa njerwa umene ana sayenera kudutsa moto ukayaka. Akafunsa kogula nyama ndimamuuza kuti alawirire ku msika waukulu wa Zomba m'mawa, mbuzi ikadali yatsopano, ndipo akafuna nsomba afunse makumba a ku Chilwa kapena chambo chofika tsiku lomwelo, ayang'ane maso ndi makha. Pa nkhuku ndimachenjeza kwambiri, chifukwa pa moto waukali imada kunja m'kati muli magazi. Iyenera kufika madigiri 75 m'kati mwake. Popanda choyezera, abaye pamene ntchafu yalumikizana ndi thupi: madzi otuluka akhale oyera, osati ofiirira. Mlendo akatsegula m'mimba sanena kuti anawotcha yekha molakwika, amanena kuti anadwala kwanu.

Kodi zonsezi zimabweza ndalama? Kwa ife zabweza. Magulu a ku Blantyre amene kale ankagona usiku umodzi pano amagona awiri, chifukwa Loweruka amakwera phiri, amagula mastrobere kwa ana ogulitsa m'mbali mwa msewu, n'kutsika kudzawotcha nyama mpaka usiku. Koma ngati simukhala pafupi ndi nyumba yanu ya alendo, ndipo mulibe munthu wodalirika woti aziyang'ana moto usiku ndi kutsuka m'mawa, ine ndinganene kuti dikirani kaye mpaka mutamupeza.

Mwezi uno, mvula isanayambe, ndagwada pansi n'kugogoda thireyi ndi chitsulo monga ndimachitira tsopano kamodzi pamwezi. Pakona imodzi palira mofooka. Ndamuimbira mmisiri uja, ndipo wati abwera Lachiwiri ndi chitsulo chatsopano, adzaonenso mwendo umodzi wakumbuyo umene wayamba dzimbiri pamene umakhudza njerwa.